"Mufilimu amadzuka": mafunso ndi mayankho pa za ana ndi mafilimu a ndewu

Sabata yatha pa wailesi pano ndinangokhudza pang'ono nkhani ya ana ndi mafilimu a ndewu, koma makalata amene abwera adzaza thumba. Ndasankhapo anayi. Mayina sinditchula, monga mwa masiku onse, pakuti nkhani zake ndi za ana.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Santhe. Akuti:

"Alangizi, ndili ndi mnyamata wa zaka 8. Chiyambireni kulowa vidiyo sho pamsika, wasintha. Dzana anakwera pamwamba pa mabelo a fodya amene bambo ake anasanja pakhonde, n'kudumphira mng'ono wake wa zaka 4 pamsana, ati iyeyo ndi John Cena. Wamng'onoyo anamenyetsa mutu pansi. Nditamukalipira anandiyankha kuti, 'Amayi, mufilimu amadzuka.' Kodi ndi mafilimuwa amuwononga, kapena ndi chibwana chabe?"

Mayi, pepani kwambiri. Tisanapite patali, wamng'onoyo mumuyang'anitsitse. Akamasanza, akamadandaula mutu, kapena akamangogona tulo tosadziwika bwino, thamangani naye kuchipatala lero lomwe.

Tsopano mawu aja akuti "mufilimu amadzuka" muwasunge, chifukwa yankho la funso lanu lagona pomwepo. Mwana wanu sanafune kupweteka m'bale wake. Iye waona kambirimbiri munthu akuponyedwa pansi, akumenyedwa ndi mpando wachitsulo, kenaka n'kudzuka, anthu n'kumawomba m'manja. Palibe anamuonetsapo maliro a munthu womenyedwayo, kapena mkazi wake akupempha thandizo la kuchipatala. Mwana wa zaka 8 amakhala asanathe kusiyanitsa bwino sewero ndi zenizeni, ndiye zimene maso ake aona amazitenga ngati mmene dziko limayendera.

Zimenezi zinayesedwa kalekale. Mu 1961, katswiri wina wa kaganizidwe ka anthu, Albert Bandura, wa pa yunivesite ya Stanford ku America, anasonyeza ana a sukulu ya mkaka munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopa mpweya. Anawo atasiyidwa okha ndi chidolecho, ambiri anachimenya mofanana ndi mmene anaonera, mpaka kubwereza mawu amene wamkuluyo ankanena. Mu 1963 anabwereza kafukufukuyo pogwiritsa ntchito filimu, ndipo ana anatsanzirabe. Pambuyo pake anapezanso kuti ana amatsanzira kwambiri akaona kuti womenyayo sanalangidwe. Nanga m'mafilimu amene ana athu amaonera, womenya kwambiri si ndiye amene amatchedwa "sitala"?

Chochita ndi ichi, mayi. Musamukwapule, chifukwa mukatero mukhala mwamutsimikizira kuti wamphamvu ndiye amamenya. Khalani naye pamphasa madzulo, bambo ake alipo. Muuzeni kuti amuna a mufilimu aja amachita kuphunzira masewerawo zaka zambiri, amagwirizana kale amene agwe, ndipo ngakhale choncho ena amathyoka mafupa. Ndiye mumutume kuti akhale iyeyo wotengera mng'ono wake madzi ndi phala mpaka atachira. Aone ndi maso ake kuti pakhomo pano wogwa amalira, ndipo amatenga masiku kuti adzuke.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Wimbe, ndipo andilankhula mosapsatira. Akuti:

"Inu alangizi mukukokomeza. Ife tinakula tikuonera Rambo, Bruce Lee ndi Chuck Norris, lero ndife makolo, sitinaphepo munthu. Ana amamenyana kuyambira kale kudambo kobusa ng'ombe, kanema kulibe."

Bambo, zikomo, ndipo mbali ina mwanena zoona. Kwanu komweko ku Wimbe kunachokera William Kamkwamba, amene m'buku lake la mu 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, amafotokoza mmene iye ndi anzake ankaonera mafilimu a nkhondo pamsika, kenaka n'kumakasewera nkhondo ndi mfuti zoseweretsa. Mnyamata ameneyo anakula n'kupanga magetsi a mphepo. Filimu yokha siisandutsa mwana chigawenga. Umphawi, njala, mowa wa bambo, ndewu ya makolo m'nyumba, zonsezi zimalemera kuposa kanema.

Koma tiyeni tiganize monga alimi a fodya. Ana khumi akalowa m'munda m'mawa kukathyola fodya wonyowa ndi mame, si onse amene amachita chizungulire ndi kusanza. Ena amatuluka bwinobwino. Kodi tinganene kuti chikonga sichilowa pakhungu? Chimalowa mwa onse, kungoti chimagwetsa wofooka, wosadya, ndi amene wakhalitsamo. Ndewu za m'kanema zimayendanso chomwecho.

Ku America, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Rowell Huesmann linatsata ana a m'dera la Chicago kuyambira ali ku pulayimale cha m'ma 1977, n'kudzawapezanso patatha zaka 15. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2003. Amene ali ana ankaonera kwambiri zachiwawa, makamaka amene ankadziyerekeza ndi womenyayo ndi kukhulupirira kuti zimenezo n'zenizeni, atakula anapezeka kuti ndi amene ankachita ndewu kwambiri, kuphatikizapo kukankha ndi kumenya akazi kapena amuna awo.

Pali nkhani zina ziwiri zimene ndimakonda kuziika pamodzi. Ku Canada kunali tauni ina imene inalibe wailesi ya kanema mpaka 1973. Ofufuza, motsogozedwa ndi Tannis MacBeth Williams, anaonerera ana akusewera pabwalo la sukulu kanema asanafike, n'kubwereranso patatha zaka ziwiri. Anapeza kuti kumenyana ndi kutukwanizana kwachuluka. Koma pachilumba cha St Helena, pakati pa nyanja ya Atlantic, kanema anafika mu 1995, ndipo ofufuza amene anatsata ana a kumeneko sanapeze kusintha kotero. Iwo analoza ku chinthu chimodzi: pachilumbapo anthu ndi ochepa, amadziwana, ndipo mwana amakhala m'maso mwa akulu kulikonse kumene ali. Kwathu kuno timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kumene mwambi umenewu ukugwirabe ntchito, kanema amachepa mphamvu.

Ndiye bambo, funso langa kwa inu ndi ili: inu munkaonera kangati? Mwina kamodzi pa sabata, mukapeza kandalama ka ganyu, ndipo mukatuluka munkabwerera kwa agogo, kwa amalume, kudambo. Mwana wa lero m'nyengo ino ya fodya makolo ake amalawirira kumunda kusanache, amabwera dzuwa litalowa, usiku ali kuchigafa. Iye sho ya m'mawa waonera, ya masana waonera, usiku ali pa foni ya mkulu wake mmene muli memore khadi yodzaza. Komanso mafilimu a masiku ano amachita kutanthauziridwa m'Chichewa, wotanthauzira akuthira nthabwala pamene munthu akudulidwa khosi, holo yonse n'kumafa ndi phwete. Inu Rambo munkamuona akulankhula Chingerezi chimene simunkachimva. Mwana wanu akumva m'chinenero cha amayi ake kuti imfa ya munthu ndi yoseketsa. Chimene ndimaopa kwambiri n'chimenechi: mtima umachita chikanga ngati dzanja la wolima. Mwana wotere mwina sadzamenya munthu, koma tsiku limene wakuba adzagwidwe pamsika anthu n'kuyamba kumugenda, iye adzatulutsa foni n'kumajambula.

Kalata yachitatu ndi yaifupi, yochokera kwa agogo ena a ku Chatoloma, yolembedwa ndi mdzukulu wawo wamkulu. Akuti kamtsikana kawo ka zaka 5 kanaonera pa foni vidiyo ya munthu akuotchedwa, yobwera pa WhatsApp, ndipo kuyambira tsikulo kakumabwebweta kutulo, kayambiranso kukodza pogona, ndipo kakukana kutuluka panja kukada.

Agogo, mwanayo salodzedwa, ndipo musamuchititse manyazi ndi mphasa yonyowayo. Ndi mantha. Ana ena zachiwawa zimawapatsa ukali, ena zimawapatsa mantha otere, amayamba kuona ngati dziko lonse ndi la anthu oopsa. Agone pafupi ndi inu masiku ano. Akafuna kufotokoza zimene anaona, mumvetsereni, ndipo mumuuze kuti pakhomo pano ali pabwino. Vidiyo imeneyo ifufutidwe, foni ikhale ndi nambala yotsekera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa kanema kapena foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Pakatha mwezi osasintha, pitani naye kuchipatala, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Yomaliza ndiyo yandikhudza kwambiri, chifukwa yachokera kwa mwini vidiyo sho wa kufupi ndi Chinkhoma. Akuti:

"Alangizi, mukufuna kutiphera bizinesi. Ine ndinagula sikirini, sola ndi batire ndi ndalama za fodya wanga. Ana anga anayi amadya pamenepo. Msika wa fodya ukatsegulidwa anthu amafuna za nkhondo, ndikaika zina holo imakhala mbee. Nanga mwana akabwera ndi ndalama yake ndimubweze? Boma likatiletsa tibwerera ku nthawi imene ankatisankhira choonera."

Achimwene, zikomo polemba, ndipo nkhawa yanu ndaimva. Ife akuluakulu tikukumbukira. M'nthawi ya Dr Kamuzu Banda, mwana wa Kasungu yemwe, dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Television Malawi inayamba mu 1999. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments la 1968 linagwiritsidwa ntchito kuletsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu, nthawi zambiri pa zifukwa za ndale. Ine sindikufuna masiku amenewo abwerere. Munthu wamkulu aonere chimene wafuna.

Koma mwana si munthu wamkulu, ndipo dziko linavomereza kale zimenezi. Malamulo aakulu a dziko lino, chisinthireni mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo tili ndi lamulo la 2010 la Child Care, Protection and Justice. Mwana akabwera ndi ndalama yake pa bala, wogulitsa mowa amayenera kumubweza, ndipo palibe amene amati ufulu waphwanyidwa. Maiko ena anachita chimodzimodzi ndi kanema. Ku Britain, zinthu zosayenera ana siziulutsidwa isanakwane 9 koloko usiku. Ku South Africa kuli bungwe la Film and Publication Board limene limaika msinkhu woyenera pa filimu. Amene ali ndi DStv amatha kutseka matchanelo ndi nambala yachinsinsi.

Vuto lathu ndi loti malamulo ali kwina, ana ali kwina. Bungwe la MACRA, pansi pa lamulo la Communications la 2016, limayang'anira nyumba zoulutsira mawu ndi kanema. Koma mwana wa pa esiteti ya ku Chulu saonera MBC kapena Zodiak, kwawo kulibe ndi magetsi omwe. Iye amaonera m'kachisakasa ka mapepala apulasitiki ndi makatoni, kumene filimu imachokera pa fulashi yobenetsa pamsika. Bungwe la Censorship Board lilipo ndithu, ndipo lamulo limafuna kuti malo oonetsera mafilimu akhale ndi chilolezo, koma ofesi ya mumzinda singathe kuima pakhomo la sho iliyonse kuchokera ku Santhe mpaka ku Nkhamenya. Amene angathe ndi amene ali pafupi: khonsolo imene imatolera msonkho pamsika tsiku ndi tsiku, mafumu, komiti ya sukulu, gulu la amayi a pasukulu ndi apolisi a m'mudzi.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Nthawi ya sukulu, mwana asalowe mu sho, kaya wavala yunifolomu kaya waibisa m'jumbo. Masana muonetse zimene inu mwini mungalole ana anu anayi aja kuonera: mpira, makatuni, masewero a Chichewa, mafilimu athu a pa Malawi. Za magazi ndi zolaula za m'mafilimu zidikire usiku, akulu okhaokha, ndipo sipika ya panja ichepetsedwe, chifukwa ana amene alibe ndalama amakhala kuseri akusuzumira pa zibowo. Pa bolodi lanu la pakhomo, pamene mumalemba ndi choko dzina la filimu ndi nthawi, onjezeranipo msinkhu. Ndipo lamuloli ligwire eni masho onse pamsikapo mofanana, likhale pa chiphaso cha bizinesi, kuti inu mukabweza mwana asangolowa khomo lotsatira, inu n'kuluza nokha. Pamenepo ndi pamene lamulo limateteza ndi inu omwe.

Ine ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri ndisanayambe ntchito ya ulangizi. Ndikukumbukira mnyamata wina wa Sitandade 4 amene anathyola mnzake dzanja pa nthawi yopuma poyeserera mateche a karate. Atabwera naye ku ofesi, amene ankalira kwambiri anali womenyayo, akunjenjemera, akungobwereza kuti samadziwa kuti fupa limathyoka. Mnyamata ameneyo sanali woipa. Ife akulu ndife tinamusiya yekha ndi mphunzitsi amene sitinamusankhe.

Nthawi yatithera. Inu makhansala a Kasungu, a boma ndi a tauni, ndi inu mafumu athu, msika wa fodya wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa ndalama zidzafika m'midzi ndipo masho adzadzaza. Itanani eni masho, aphunzitsi ndi makolo pabwalo msikawo usanatsegulidwe, mugwirizane nthawi ndi msinkhu, muzilembe, muzikhome pakhomo la sho iliyonse. Ndipo inu achimwene a ku Chinkhoma, pamsonkhano umenewo mukhale kutsogolo. Makalata anu pitirizani kutumiza, tidzakumananso sabata ya mawa nthawi yomweyi.