Cheri wa Maluwa: Wokongola Koma Wofunika Kusamala Naye

Ku Japan kuli mtengo wotchedwa sakura, kapena cheri wa maluwa. Anthu amaubzala pakhomo chifukwa cha maluwa ake oyera ndi ofiirira, osati chifukwa cha zipatso. M'chaka cha 1912 mzinda wa Tokyo unapereka mitengo yotere yoposa 3,000 ku mzinda wa Washington ngati mphatso.

Mitundu ina ndi yaifupi ngati chitsamba. Imafuna dzuwa, nthaka yosadikha madzi ndiponso nyengo yozizira kwambiri kuti ichite maluwa. Nthambi zake amazidulira maluwa akangoyoyoka.

Mbale wake wodziwika ku Malawi ndiye pichesi wa ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mitengo iwiriyi ili ndi ngozi imodzi: m'masamba ndi m'kati mwa nthanga zake muli poizoni wofanana ndi wa m'chinangwa chowawa. Motero makolo aletse ana kuswa nthanga ndi kudya za m'kati. Nthambi zodulidwa zisatayidwe pamene pafika mbuzi, pakuti masamba ofota ndiwo oopsa koposa. Mwana akadya za m'nthanga nayamba kusanza, kumva chizungulire kapena kubanika, apite naye kuchipatala msanga.