Ku Roma m'nyengo yachisanu: makalata anu ndi mayankho ake

Muulutsi: Makalata ambiri sabata ino akufunsa za kukaona mizinda yakale ya kum'mwera kwa Ulaya pa tchuthi cha Khrisimasi, pomwe kumeneko kukuzizira. Tili ndi bambo amene ntchito yawo ndi kukonzera anthu maulendo otere. Takulandirani, bambo.

Katswiri: Zikomo kwambiri, mayi.

Muulutsi: Yoyamba yachokera kwa mayi wina, namwino ku Leeds. Akuti, "Andipatsa masiku khumi opuma kuyambira pa 27 Disembala. Ine ndi amuna anga tikufuna kukaona Roma, Venice, Athens ndi Lisbon. Kodi zitheka?"

Katswiri: Mayi, ndege zilipo, ndipo mukhoza kupondadi mizinda inayiyo, koma mukabwerako mutangoona mabwalo a ndege. Chonde sankhani iwiri. Vuto ndi dzuwa. Kumapeto kwa Disembala ku Roma kumacha cha m'ma 7:30, ndipo 5 koloko madzulo ikamakwana kwada kale. Malo a pamtetete monga Colosseum amatseka molawirira potsata dzuwalo. Tsiku lililonse lothera panjira ndiye kuti laonongeka.

Ine ndikadakhala inu, ndikadatenga Roma ndi Naples. Sitima yothamanga imayenda ola limodzi ndi mphindi zochepa. Kuchokera ku Naples mumakwera kasitima ka Circumvesuviana mpaka ku Pompeii, mzinda umene udakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79. M'chilimwe kumeneko n'kovuta, mithunzi ndi yochepa ndipo anthu amathithikana. M'chisanu mumayenda modekha, n'kuwerama kuona mikwasa imene mateyala a ngolo adasiya pamiyala ya msewu, ndi uvuni wa ophika buledi uli chiimire. Ku Naples komweko musaphonye kamsewu ka San Gregorio Armeno, komwe amisiri amaumba tizifanizo ta m'khola la Khrisimasi.

Koma choyamba ndi viza. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi, chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Italy. Mufunika viza ya Schengen, imene kuyambira mu 2024 mtengo wake ndi ma euro 90, komanso inshuwalansi ya zaumoyo yofika ma euro 30,000. Mumafunsira ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukagoneko masiku ambiri, ndipo amalola kufunsa kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Musadikire Novembala.

Muulutsi: Bambo wina wa ku Lilongwe akupita ku Roma ndi gulu la mpingo. Akufunsa ngati akamuone Papa, komanso akuti, "Chisanucho n'chotani? Tili ndi achikulire m'gulu lathu."

Katswiri: Mwayi ulipo, bambo. Pa 25 Disembala masana Papa amaima pakhonde la tchalitchi cha St Peter's n'kupereka dalitso lotchedwa Urbi et Orbi, ndipo pabwalopo sipafunika tikiti. Lachitatu amakumana ndi anthu wamba, m'chisanu kawirikawiri m'holo ya Paul VI. Pamenepo tikiti imafunika, koma ndi yaulere, mumangoitanitsiratu. Wina akati akugulitseni, dziwani kuti akukuberani. M'tchalitchimo mumalowa ulere, kungoti mzere wa achitetezo umatalika, ndiye pitani m'mamawa. Sistine Chapel, imene denga lake Michelangelo adalijambula kuyambira 1508 mpaka 1512, ili mkati mwa Vatican Museums. Kumeneko n'kolipira, ndipo kumatsekedwa pa 25 ndi 26 Disembala, pa 1 ndi 6 Januwale, komanso Lamulungu lililonse kupatula lomaliza la mwezi. Ndazichulukitsa dala, chifukwa zimandipweteka kuona anthu atasonkha ndalama zaka ndi zaka, n'kukafika pachipata chotseka.

Za chisanu, masana kumakhala cha m'ma digiri 12 kapena 13, usiku kumatsika mpaka 3 kapena 4. Chipale chofewa sichigwa kawirikawiri. Ganizirani chiperoni cha ku Thyolo, kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa, koma muli m'matchalitchi amiyala momwe mulibe moto. Achikulirewo avale zovala zingapo zosanjikiza, juzi, jekete yosalowa madzi ndi chipewa. Nsapato zikhale zamphira kunsi, chifukwa timiyala takuda ta m'misewu ya Roma timaterera tikanyowa.

Ndipo mvula ikagwa musadzitsekere kuhotela. Tengani ambulera mupite ku Pantheon. Nyumbayi idamangidwa mu ulamuliro wa mfumu Hadrian cha m'ma 125, ndipo idasanduka tchalitchi mu 609. Denga lake ndi lozungulira, la konkire, mamita 43 m'lifupi, ndipo pamwamba penipeni pali bowo la mamita pafupifupi 9 lopanda galasi. Mvula imagwera m'katimo anthu akuonerera, n'kumalowa m'timabowo ta pansi. Amene amabwera mu Julaye zimenezi saziona kawirikawiri.

Muulutsi: Achimwene ena ku Johannesburg akuti adamva kuti Venice imasefukira. Akaleke?

Katswiri: Ayi, pitani achimwene. Madzi a m'nyanja amakweradi, makamaka kuyambira Okutobala mpaka Januwale, ndipo mu Novembala 2019 adafika masentimita 187. Koma kuyambira mu 2020 pali zitseko zikuluzikulu zotchedwa MOSE zimene amazidzutsa kuti zitchinge nyanja. Bwalo la San Marco, lomwe ndi lotsika, limanyowabe nthawi zina, koma amayala matabwa oyendapo ndipo pakapita maola ochepa madzi amaphwa. Kungoti Venice ili kumpoto, imazizira kuposa Roma.

Muulutsi: Iyi ndi ya mphunzitsi wa Sande sukulu ku Chipata. Akufuna kuyenda m'mapazi a Mtumwi Paulo.

Katswiri: Aphunzitsi, nyengo yake ndi imeneyi. Ku Athens, m'munsi mwa Acropolis, pali thanthwe la Areopagus pomwe Paulo adalankhula ndi anthu a mumzindawo, monga mumawerengera pa Machitidwe 17. Mukaima pamenepo n'kukweza maso, mukuona Parthenon, kachisi amene adamangidwa pakati pa 447 ndi 432 Khristu asanabadwe. Pomwe Paulo ankalankhula za akachisi omangidwa ndi manja, kachisi ameneyu anali pamwamba pawo, ali kale ndi zaka pafupifupi 500. Ana anu mukawafotokozera mosiyana mukadziona nokha. Thanthwelo lidasalala ndi mapazi a anthu, choncho kwerani pa masitepe achitsulo, makamaka kukanyowa. Korinto wakale mukhoza kupita n'kubwerako tsiku lomwelo.

Masiku akakulolani, onjezani Malta, chilumba chimene ngalawa ya Paulo idaswekera ndipo adakhalako miyezi itatu ya chisanu. Pa 10 Febuluwale ku Valletta amachita chikondwerero chokumbukira zimenezi, atanyamula chifanizo chake m'misewu. Kumeneko Chingerezi amayankhula, ndipo magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu.

Muulutsi: Nthawi yatithera, koma timve ya bambo wina wa ku Mangochi. Akuti adamva kuti ku Spain kuli mizikiti ndi nyumba za mafumu achisilamu.

Katswiri: Zoona, bambo, m'chigawo cha Andalusia. Ku Córdoba kuli mzikiti waukulu umene Abd al-Rahman I adayamba kumanga cha m'ma 785, wa nsanamira mazanamazana. Ndikuuzeni mosabisa kuti musakakhumudwe mutafika: kuyambira mu 1236 nyumbayi ndi tchalitchi cha Katolika, ndipo salola Asilamu kuswaliramo. Kukaona amalola aliyense. Pabwalo pake pali mitengo ya malalanje, ndipo m'chisanu malalanjewo amakhala atapsa psuu, koma ndi owawa, si odya.

Ku Granada kuli Alhambra, nyumba ya mafumu a banja la Nasrid amene adalamulira mpaka 1492. Makoma ake ndi ogobedwa zilembo za Chiarabu, madzi akuyenda m'timingalande pakati pa zipinda, ndipo kumbuyo kwake mapiri a Sierra Nevada ali mbuu ndi chipale. Granada ili pamtunda, usiku kumazizira zedi. Mukakhala ndi ana, madzulo a pa 5 Januwale m'mizinda ya Spain mumadutsa mdipiti wa Mafumu Atatu, anzeru a kum'mawa aja, akuponya maswiti, koma pa 6 ndi holide, masitolo ambiri amatseka.

Tikiti ya Alhambra gulirenitu pa intaneti kukadali milungu ingapo, chifukwa pa tchuthi amatha. Imalembedwa dzina lanu ndi ola lolowera m'zipinda za mafumu a Nasrid aja. Tengani pasipoti, ndipo mufike nthawi isanakwane, chifukwa mukachedwa sakulowetsani.

Muulutsi: Makalata otsala, kuphatikizapo ofunsa za Lisbon, tiwayankha sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.