Kusema nkhope ya mtsogoleri pa mtengo

Pisani m'thumba, mutulutse ndalama ya pepala ya kuno ku Mozambique. Nkhope ili pamenepo ndi ya Samora Machel, amene anatsogolera dziko la Mozambique kuyambira 1975 mpaka pamene anamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986. Mmisiri waluso angayang'ane chithunzicho n'kutulutsa nkhope yomweyo pa chipika. Amatani?

Amayamba wasankha mtengo. Mlombwa ndi mbawa ndi yabwino chifukwa simafumbwa msanga. Mtengo wauwisi sasema. Ukamauma umang'aluka, ndipo mng'alu ukadutsa pamphuno, ntchito yonse yapita pachabe. N'chifukwa chake chipika amachigoneka pamthunzi miyezi ingapo, osati padzuwa.

Chikauma amatenga khala n'kulemba mizere iwiri: wina wotsika pakati pa nkhope, wina wopingasa. Pa wopingasawo ndi pamene pamakhala maso. Apa m'pamene ophunzira ambiri amaphonya. Maso a munthu ali pakatikati pa mutu, kuyeza kuchokera paliwombo mpaka kuchibwano. Ukawakweza, munthuyo amaoneka ngati alibe mphumi.

Tsopano kasemasema ayambe kulira. Mmisiri amagoba m'masaya ndi mozungulira maso, koma mphuno amaisiya yonenepa dala, pakuti thabwa lomwe wachotsa silibwereranso. Amaichepetsa pang'onopang'ono ndi mpeni. Kuti anthu anene kuti "Uyu ndi Samora!" safunika kusema tsitsi lililonse. Ndevu zija, maso akuthwa aja ndi chipewa cha usilikali, basi zakwana.

Akasalaza amapaka utoto. Akale ankagwiritsa ntchito katondo, mwaye ndi dothi loyera. Lero ena amagula penti, ena polishi wa nsapato. Utoto wochuluka umakwirira luso la mpeni, ndiye ndi bwino kupaka mopyapyala.

Lusoli si la kuno kokha. Ku America, William Rush wa ku Philadelphia anasema George Washington pa mtengo wa paini cha m'ma 1815, wamtali ngati munthu weniweni. Kufupi nafe, kungodutsa malire ku Dedza, amisiri a ku Mua amasemera ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

Inu a kuno ku Lifidzi, tembenukirani kwa mnzanu amene mwakhala naye pafupi. Tengani kachitsotso, muyeze kuchokera paliwombo pake mpaka m'maso, kenaka kuchokera m'maso mpaka kuchibwano. Mutiuze zimene mwapeza.