Kulimba Popanda Kuzizira

Anzanga, mu Physics tinaphunzira kuti madzi akazizira kwambiri amalimba n'kukhala ayezi. Koma ndapeza kuti pali zamadzimadzi zina zimene zimalimba chifukwa chothithikana basi, kuzizira kulibe.

Zimenezi ndi ma colloid, kutanthauza tinthu ting'onoting'ono tomwazikana m'madzi kapena m'mafuta koma tosasungunuka. Mkaka ndi penti ndi zitsanzo. Tinthuti sitikhala phee. Timangoti uku ndi uku chifukwa mamolekyu a madziwo amatigunda mbali zonse.

Mu 1986, asayansi awiri, Peter Pusey ndi William van Megen, anatenga timipira tapulasitiki, kalikonse kosakwana micrometre imodzi (dulani milimita imodzi ka 1,000, ndiye kameneko!). Anatithira m'timabotolo ta mafuta, ena tochepa, ena tambiri, n'kukhutchumula n'kusiya. M'botolo limene timipira tinatenga malo osakwana 49 peresenti, zonse zinakhalabe zamadzimadzi. Kupitirira apo tina tinayamba kufola m'mizere yooneka bwino, yomwe timati crystal, ndipo ikaunikiridwa inkawala mitundumitundu. Pofika cha m'ma 55 peresenti, botolo lonse linali ma crystal.

Ndiye munthu ungaganize kuti ukaonjezera timipira, mizere ikhala yabwino koposa. Ayi ndithu. Cha pa 58 peresenti mizere siinapangikenso m'katimo. Zinthuzo zinalimba, koma timipira tili balalabalala ngati m'zamadzimadzi. Izi ndiye amati colloidal glass, chifukwa nawo maatomu a galasi la pawindo alibe mizere.

Ine ndimazimva chonchi: pa asembule malo amakhalapo, ndiye timasuntha mpaka mizere iwongoke. Koma mvula ikayamba tonse n'kuthamangira khomo limodzi, aliyense amapanikizidwa ndi omuzungulira. Ungogwedezeka pomwepo, kupita patsogolo osatheka, mzere kulibenso. Kampira nakonso kamatsekeredwa m'khola lopangidwa ndi anzake, anzakewo alinso m'makola awo.

Chimene chinandizunguza mutu ndi ichi. Mu 1995 asayansi ena anatumiza timabotolo totere kumwamba pa chombo cha Columbia, kumene zinthu zimangoyandama. Zomwe zinakhala galasi koposa chaka pansi pano, kumeneko zinafola mizere masabata awiri asanakwane. Ndiye kuti mphamvu yokokera zinthu pansi, gravity ija, imathandiza nawo kutseka makolawo.