Msewu Umene Makalata a Boma Amayendamo Masiku Ano

Akuluakulu amene anakula m'masiku a atsamunda akumbukira kuti pamene Bwana Disi wa ku Karonga anali ndi mawu ofuna kufikitsa ku likulu la boma ku Zomba, kaya ndi za msonkho, kaya ndi za njala imene yagwa m'midzi, ankalemba kalata, naimata, naipereka kuti iyende masiku ambiri pa sitima ya panyanja ndi pa galimoto. Ndipo nkhani ikakhala yamsangamsanga, ankatumiza telegalamu pa waya wamkuwa. Lero likulu lili ku Lilongwe, ndipo malipiro a mphunzitsi, dzina la munthu wofuna chiphaso cha unzika, ndi chiwerengero cha mankhwala otsala m'chipatala, zonsezi zimayenda pa intaneti, nizifika ku Capital Hill wotumizayo asanadzuke pa mpando wake. Tiyeni tsono tione njira imene mawuwa amadzera, pakuti ngakhale sitiiona ndi maso, ilipo ndithu, inamangidwa ndi manja a anthu, ndipo inalipiridwa ndi ngongole imene ife ndi ana athu tidzabweza.

Kalaliki akalemba uthenga pa kompyuta, makinawo sautumiza wathunthu, koma amaudula tizidutswa tambirimbiri, nalemba pa kachidutswa kalikonse keyala ya kumene kachokera ndi ya kumene kakupita. Tizidutswato timasandulika kuthwanima kwa kuwala, ndipo kuwalako kumalowa mu ulusi wagalasi wotchedwa faiba, umene kunenepa kwake sikusiyana kwenikweni ndi tsitsi la munthu, koma m'kati mwake kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi. Pamphambano paliponse pali makina otchedwa rauta, amene ntchito yake ndi imodzi yokha usana ndi usiku: kuwerenga keyala ya kachidutswa kalikonse ndi kukalozera njira yoyenera. Tikafika tonse kumene tikupita, kompyuta ya uko imatilumikizanso m'dongosolo lake, ndipo wolandirayo amaona kalata yathunthu.

Vuto limayambira apa. Boma siligula intaneti kwa wogulitsa mmodzi. M'dziko muno muli makampani angapo, monga MTL, TNM, Airtel ndi ena, ndipo kampani iliyonse ili ndi mawaya ake ndi makasitomala ake. Zingatheke kuti ofesi ya zamalimidwe ku Blantyre yalumikizidwa ndi kampani ina, pamene chipatala chimene chili tsidya lina la msewu womwewo chalumikizidwa ndi inanso. Ngati makampani awiriwa alibe malo okumanirana m'dziko muno, uthenga wochoka ku ofesi ija kupita ku chipatala chija uyenera kutuluka m'dziko, kukafuna kumene mawaya a awiriwo amakumana, ngakhale kutakhala ku Ulaya, ndi kubwereranso. Umu ndi mmene zinalili kale, pamene intaneti yathu inkadzera pa setilaiti imene ili m'mlengalenga makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi pano. Ndipo ulendo wopanda pakewo unkalipiridwa ndi ndalama zakunja, zomwe dziko limazisowa pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala.

Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 2008 makampani opereka intaneti, kudzera m'bungwe lawo la MISPA, anakhazikitsa malo okumanirana otchedwa Malawi Internet Exchange ku College of Medicine mu mzinda wa Blantyre. Malowa si nyumba yaikulu yochititsa kaso ayi. Ndi makina ochepa m'chipinda chozizira, kumene kampani iliyonse imafikitsa waya wake, kuti uthenga wa m'Malawi wopita kwa munthu wa m'Malawi uoloke kuchoka kwa kampani iyi kupita kwa iyo popanda kutuluka m'malire. Amene amapikisana pa malonda kunja kwa chipindacho amagwirana manja m'kati mwake, osati chifukwa chokondana, koma chifukwa anazindikira zimene makolo ananena, kuti mutu umodzi susenza denga.

Koma kukumana pamalo amodzi sikukwanira, pakuti maboma a dziko lino ndi 28, ndipo kuchokera ku Nsanje kukafika ku Chitipa ndi mtunda wautali. Kukumba ngalande ndi kuyala faiba mtunda wonsewo kumadya chuma chambiri, kotero kuti kampani ikaona boma la anthu ochepa ndi malonda ochepa, imalambalala. Taganizirani za msewu wa M1: eni mabasi ndi ambiri, ndipo amalimbirana apaulendo pa depoti iliyonse, koma palibe mmodzi mwa iwo amene anapala msewu wakewake, onse amayenda pa phula limodzi, ndipo chifukwa cha phulalo ngakhale mwini minibasi imodzi angathe kunyamula anthu. Chomwechonso faiba yaikulu imodzi ikayalidwa kudutsa m'dziko, makampani onse angathe kubwereka gawo lake, pakuti mu ulusi umodzi mungathe kuyenda kuwala kwa mitundu yambiri nthawi imodzi popanda kusokonezana, ndipo m'chingwe chimodzi muli maulusi ambiri. Faiba yotereyi ndiyo imatchedwa msana wa netiweki.

Boma la Malawi linamanga msana wotere ndi ngongole yochokera ku banki ya Exim ya ku China, ntchitoyo inagwiridwa ndi kampani ya Huawei, ndipo gawo loyamba, lotalika makilomita opitirira 1,000, linatsegulidwa m'chaka cha 2018. Nzeru imene ine ndimaiyamikira pa ntchitoyi ndi yakuti faibayo inapachikidwa pa mitengo ndi nsanja za magetsi za ESCOM, zimene zinali zitaima kale m'dziko lonse, kotero kuti amene ayang'ana mawaya a magetsi m'mphepete mwa msewu angakhale akuyang'ananso njira ya makalata a boma osadziwa. Galasi siligwidwa ndi mphamvu ya magetsi, chotero ziwirizi zimakhala pamodzi mwamtendere.

Wina angafunse kuti: ngati mauthenga a boma akuyenda mu ulusi womwewo umene mukuyenda nyimbo ndi macheza a pa WhatsApp, kodi chinsinsi cha odwala ndi cha ndalama za boma chisungika bwanji? Funsoli ndi loyenera. Maofesi a boma ali ndi netiweki yawoyawo yotchedwa GWAN, ndipo pa msana wogawana akatswiri amapatula njira imene makina a maofesi okhawo ndi amene amaloledwa kulowamo. Kuwonjezera apo, uthenga wachinsinsi umasokonezedwa dala ndi masamu usananyamuke, kuti wouba panjira apeze zilembo zopanda tanthauzo, ndipo wokhala ndi kiyi yekha ndi amene angaumasule. Maiko ena anachita kuika nkhani ya netiweki ya boma m'malamulo: ku Italy, makampani opatsidwa ntchito yolumikiza maofesi a boma amayenera kukumana pa msana umodzi wotchedwa QXN, umene malo ake ali ku Rome ndi ku Milan, kuti kalata ya boma isasochere pakati pa ogulitsa awiri.

Popeza dziko lathu silinafike kunyanja ya mchere, msana wathu uyenera kugwirana ndi misana ya anansi athu, a ku Mozambique, Tanzania ndi Zambia, kuti ukafike ku zingwe zazikulu zogona pansi pa nyanja, monga SEACOM imene inayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi EASSy mu 2010, zomwe zimatulukira kumtunda ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. M'mwezi wa Meyi 2024 zingwe ziwirizi zinaduka m'nyanja pakati pa Mozambique ndi South Africa, ndipo intaneti inafooka kwa masiku angapo m'maiko a kuno, Malawi ali momwemo. Tsiku lotero ndi limene limaulula amene anakonzekera: kaundula wosungidwa pa makompyuta a m'dziko muno amapezekabe, chifukwa njira yake sidzera kunyanja, koma wosungidwa kutsidya kwa nyanja amavuta kumufikira. Pa chifukwa chomwechi amisiri amayala faiba mozungulira, kuti chigumula chikagwetsa nsanja mbali iyi, kuwala kubwerere, kudzere mbali inayo.

Sindibisa kuti kugawana kuli ndi msampha wake. Pamene waya ndi wa uyu, rauta ndi ya uyo, ndipo magetsi ndi a winanso, netiweki ikafa aliyense angathe kuloza mnzake chala, pamene mayi amene wayenda kuchokera mbandakucha kudzatenga chiphaso chake ali chikhalire pa benchi. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma: pangano labwino liyenera kutchula poyera amene adzayankha mlandu, ndi maola amene ayenera kukhala atakonza, ndipo bungwe la MACRA, limene limayang'anira zamauthenga m'dziko muno, liyenera kuonetsetsa kuti mwini msana sakweza mtengo kwa makampani ang'onoang'ono chifukwa chakuti alibe njira ina.

Palinso gawo lotsiriza la ulendowu, limene nthawi zambiri ndi lovuta kuposa onse. Faiba ikafika pa boma sindiye kuti yafika pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kapena pa sukulu ya kuseri kwa phiri. Kuchokera pa boma uthenga uyenera kupitirira pa waya wina wamng'ono, kapena pa mphepo kudzera pa nsanja za foni, ndipo makina a kumeneko amafuna magetsi kapena sola ndi mabatire. Mabatire ndi masola amenewa ndi amene mbala zimakonda kuba. Ndipo ena amadula chingwe cha faiba poyesa kuti muli mkuwa wogulitsa, koma akachisenda amapeza galasi lokha limene palibe amene angaligule, pamene maofesi a boma lonse akhala osagwira ntchito kufikira amisiri atapeza podukapo ndi kulumikizanso maulusiwo umodziumodzi.