KILATCHI YA GALIMOTO IKAYAMBA KUTEREREKA: KUKONZA MPATA KAPENA KUSINTHA MBALE

Mawu oyamba

Ntchito ya ulangizi imayendera nyengo. Mbewu ndi feteleza wa m'minda yachitsanzo ndi ya kafukufuku ziyenera kufika kwa alimi mvula yobzalira isanagwe, pakuti munda umene wabzalidwa mochedwa sungafananizidwe bwino ndi minda inzake. Motero galimoto ya pasiteshoni ikafa mu Novembala kapena Disembala, ntchito ya chaka chonse ikhoza kuonongeka.

Chimodzi mwa zinthu zimene zimaimitsa galimoto pa nyengo imeneyi ndi kilatchi. Komatu kilatchi imayamba yachenjeza isanatheretu. Cholinga cha phunziro lino ndi kuthandiza alangizi kuzindikira kilatchi yoterereka, imene amakaniko amati ikusilipa, ndi kudziwa ngati ikungofunika kukonza mpata kapena yafika posintha.

Mmene kilatchi imagwirira ntchito

Kilatchi imakhala pakati pa injini ndi giyabokosi. Kumbuyo kwa injini kuli chitsulo cholemera chozungulira chotchedwa flywheel. Mbale ya kilatchi, imene ili ndi zomatira zonga za mabuleki mbali zonse ziwiri, imapanikizidwa ku chitsulochi ndi mbale ina ya sipuling'i yamphamvu yotchedwa pressure plate. Zikapanikizana chonchi, mphamvu ya injini imafika ku mateyala. Dalaivala akaponda kilatchi, beringi imakankha zala za sipuling'i ija ndipo mbale imamasuka.

Mbale ikamaperepeseka, zala za sipuling'i zimasendera kufupi ndi beringi. Pa galimoto imene kilatchi yake siidzikonza yokha, kusenderaku kumadya mpata wa chopondera, ndiko kuti kamtunda kamene chopondera chimayenda mopepuka chisanayambe kulimba. Mpatawu ukatha, zimakhala ngati munthu waponda kilatchi pang'ono nthawi zonse, ndipo mbale imaterereka ngakhale kuti siinathe. Apa ndi pamene kukonza mpata kumathandiza. Koma zomatira zikatha, palibe nati imene ingazibwezeretse.

Zizindikiro

1. Mukaponda moto pokwera chitunda kapena mutanyamula katundu, injini imalira kwambiri koma liwiro silionjezeka. Izi zimayamba kuoneka m'magiya akuluakulu, ya 4 ndi ya 5.
2. Kilatchi imagwira chopondera chitatsala pang'ono kufika pamwamba penipeni.
3. Pamamveka fungo la kupserera longa la mabuleki otentha, makamaka pa zitunda zazitali monga cha Golomoti pokwera ku Dedza, kapena pochoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre.
4. Galimoto imamwa mafuta ambiri pa mtunda umene munauzolowera.

Musasokoneze vutoli ndi mavuto ena. Ngati mwaponda moto koma injini siikulira, vuto lili ku injini, mwina sefa ya mafuta kapena ya mpweya yatsekeka. Ngati magiya akuvuta kulowa ndipo akukukuta, kilatchi ikukanika kumasula, ndipo ili ndi vuto lina. Pa matope, yambani mwaona ngati si mateyala amene akungozungulira pamalo amodzi.

Kuyesa kilatchi

Kuyesa koyamba: pa msewu. Injini itatentha bwino, yendetsani galimoto pa msewu wopanda anthu ambiri, pa liwiro la makilomita 40 kapena 50 pa ola, muli mu giya ya 4. Chotsani phazi pa kilatchi ndipo pondani moto mpaka pansi. Kilatchi yabwino imachititsa kuti kulira kwa injini ndi liwiro zikwerere limodzi pang'onopang'ono. Kulira kukathamanga kokha, kilatchi ikuterereka.

Kuyesa kwachiwiri: galimoto itaima. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kutsogolo kopanda munthu, khoma kapena mtengo. Kokani handibuleki ndipo pingani mateyala ndi miyala. Lowetsani giya ya 3 kapena ya 4, onjezani moto pang'ono, kenaka tulani kilatchi mosafulumira. Injini iyenera kuzima. Ikapitiriza kulira phazi mutalichotsa, kilatchi siikugwira. Pa galimoto ya mateyala anayi okoka, onetsetsani kuti kandodo kakang'ono ka magiya sikali pa nyutilo. Kuyesaku kumatenthetsa mbale, choncho chitani kamodzi kokha ndipo kusapitirire masekondi owerengeka.

Kuyesa kwachitatu: mpata wa chopondera. Zimitsani injini. Imikani rula pansi pambali pa chopondera, ndipo kankhani choponderacho ndi dzanja kufikira pamene chayamba kulimba. Werengani mamilimita amene chayenda ndi kufananiza ndi zimene buku la galimotoyo likunena. Pa magalimoto ambiri a Toyota Hilux mpatawu ndi mamilimita 5 mpaka 15, koma mtundu uliwonse uli ndi muyeso wake.

Kuyesa kwachinayi: oyilo. Suzumirani pansi pa galimoto pamene injini yalumikizana ndi giyabokosi. Ngati pakudontha oyilo, n'kutheka kuti silo ya kumbuyo kwa injini kapena ya kutsogolo kwa giyabokosi yatha, ndipo oyiloyo wanyowetsa mbale.

Pamene kukonza mpata kuli kokwanira

Konzani mpata ngati wachepa kapena watheratu, kuterereka kwangoyamba kumene, ndipo palibe oyilo amene akudontha.

Kilatchi ya kebulo imakonzedwa pa manati awiri amene ali kumapeto kwa kebuloyo, kawirikawiri pafupi ndi giyabokosi. Masulani nati yotsekera, tembenuzani inzake kufikira mpata utakwana, ndipo mangitsaninso yotsekera ija. Onaninso ngati kebulo siikukakamira chifukwa cha dzimbiri kapena fumbi, pakuti kebulo yokakamira imaletsa kilatchi kubwerera.

Magalimoto ambiri a ntchito za kumunda, monga Land Cruiser, Hilux ndi Land Rover, ali ndi kilatchi yoyendera mafuta onga a mabuleki, ndipo yambiri imadzikonza yokha mbale ikamaperepeseka. Pa kilatchi yotere, kupezeka kwa mpata si umboni woti mbale ili bwino. Chokonzeka ndi kandodo kochoka ku chopondera kulowa mu master cylinder. Kandodoka kakatalikitsidwa mopitirira muyeso, mafuta amalephera kubwerera m'kabotolo kake, ndipo galimoto imene inanyamuka bwino m'mawa imayamba kuterereka ikatentha. Vutoli limaoneka kawirikawiri pambuyo poti wina wagwirako chopondera kapena wasintha master cylinder, ndipo makaniko angalithetse popanda kutsitsa giyabokosi.

Mukakonza, bwerezani kuyesa kwa pa msewu. Kuterereka kukatha, lembani tsiku ndi makilomita m'buku la maulendo, ndipo yesaninso mpata pakatha mwezi.

Pamene kilatchi iyenera kusinthidwa

Sinthani kilatchi mukaona chimodzi mwa izi:

1. Mpata uli wokwanira koma kilatchi ikutererekabe.
2. Nati yokonzera yafika kumapeto, kapena mpata ukumatha patangopita masiku ochepa.
3. Mbale yanyowa ndi oyilo. Kuitsuka ndi petulo sikuthandiza kwa nthawi yaitali, ndipo silo yodontha iyenera kusinthidwa nthawi yomweyo.
4. Pakumveka phokoso la kukhulana kwa zitsulo potula kilatchi.

Kuzengereza kumakulitsa mtengo. Zomatira za mbale zimagwidwa ndi maliveti, ndipo mabuku a Toyota amati mitu ya malivetiwo ikhale yozama mamilimita osachepera 0.3. Ikafika pamtunda, imakanda flywheel, ndipo kutentha kumasiya mawanga abuluu ndi ming'alu pa chitsulocho. Zikatero ntchito imene inali ya mbale yokha imafunanso kupala kapena kugula flywheel. Magalimoto ena atsopano ali ndi flywheel ya magawo awiri imene kawirikawiri siipalidwa, imangosinthidwa, ndipo ndi yokwera mtengo.

Ntchito yaikulu posintha kilatchi ndi kutsitsa giyabokosi. Chifukwa chake polemba pempho la zipangizo, lembani zitatu pamodzi: mbale ya kilatchi, pressure plate ndi beringi yokankha. Kusintha mbale yokha kumaoneka ngati kupulumutsa ndalama, koma sipuling'i yotopa imaononga msanga mbale yatsopano, ndipo giyabokosi imatsitsidwa kachiwiri. Pemphani makaniko aonenso kaberingi ka pakati pa flywheel ndi masilo onse awiri, ndiponso akuonetseni zipangizo zakale zimene wachotsa. Fumbi la kilatchi lisapemereredwe ndi mpweya, pakuti mbale zina, makamaka zakale, zili ndi asibesitosi amene amaononga mapapo. Lipukutidwe ndi nsalu yonyowa.

Za njinga zamoto

Alangizi ambiri amayendera njinga zamoto, ndipo mfundo yake ndi yomweyi. Pa njinga zambiri za Honda, mpata kunsonga kwa chogwirira kilatchi ndi mamilimita 10 mpaka 20. Kilatchi ya njinga zambiri imakhala m'kati mwa oyilo wa injini, motero oyilo wina wopangidwira galimoto amaichititsa kuterereka. Gulani oyilo wolembedwa kuti JASO MA.

Kuteteza kilatchi

Musagoneke phazi pa chopondera mukuyenda. Poima pa chitunda gwiritsani ntchito handibuleki, osati kilatchi. Nyamukani ndi giya ya 1 nthawi zonse mukanyamula katundu. Matumba 20 a makilogalamu 50 akwana kale tani imodzi, musanawerengere anthu okwera. Ndi bwino kuyenda maulendo awiri. Mukatitimira, lowetsani magiya amphamvu a mateyala anayi, kumbani ndi kuyala nthambi, m'malo mopsereza kilatchi.

Zofunika kukumbukira

Yesani kilatchi mu Seputembala kapena Okutobala, kuti ngati zipangizo zifunika, pempho lanu liyende nthawi ikadalipo. Limbikitsani madalaivala kunena vuto likangoyamba popanda kuopa kudzudzulidwa. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Yambani ndi kuyesa mpata chifukwa sikulira ndalama. Mpata ukakhala wokwanira koma kilatchi n'kumatererekabe, musatume galimotoyo ulendo wautali ndi katundu. Ipite ku galaja.