Kuwala m'nkhokwe ya mbewu ya mbatatesi

Mbatatesi yodya imafuna mdima, pamene mbatatesi ya mbewu imafuna kuwala. Ambiri mwa ife ogulitsa mbewu timasunga ziwirizi mofanana, m'matumba osanjikizana kuseri kwa sitolo, pamodzi ndi feteleza ndi mbewu ya chimanga. Chimanga chimapirira chifukwa ndi njere youma. Mbatatesi ndi chinthu chamoyo chodzala madzi: imapuma, imakalamba, ndipo imasintha malinga ndi malo amene yaikidwa.

Ikangokumbidwa, mbatatesi imagona kwa miyezi iwiri kapena itatu, kutengera mtundu wake ndi kutentha kwa malo. Ikadzuka mumdima, diso la kunsonga limatulutsa mphukira imodzi yoyera, yaitali ndi yofewa, yomwe imatalika kufunafuna kuwala. Mphukira imeneyi imapondereza maso ena kuti asaphuke, imayamwa chakudya ndi madzi, mpaka mbewu imakwinyika. Pokweza thumba pa njinga kapena pa ngolo, mphukirazo zimathyoka. Mlimi amabzala mbewu yotopa, yomera mochedwa ndi mwapatalipatali, ndipo mlandu umagwera ife amene tinamugulitsa.

M'kuwala kosawomba mwachindunji zinthu zimayenda mosiyana. Mphukira zimakhala zazifupi, zonenepa, zobiriwira kapena zofiirira, ndipo zimagwira zolimba. Kawirikawiri maso angapo amaphuka. Apa ndi pamene pagona zokolola: mphukira iliyonse yolimba imadzakhala tsinde, ndipo tsinde lililonse limabereka mbatatesi zakezake. Phando la mitsinde inayi silingafanane ndi phando la tsinde limodzi. Mbewu yotere imatulukanso msanga m'nthaka n'kuphimba mzere, zomwe zimaipatsa masiku ochuluka okhwimitsa chiwawu chisanafike pachimake m'mvula ya Januwale ndi Febuluwale.

Njirayi si yachilendo. Bungwe la International Potato Center, lomwe likulu lake lili ku Lima m'dziko la Peru, linaifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1970 pofuna kuthandiza alimi osakwanitsa nyumba zoziziritsira mbewu ndi magetsi. Kuno kwathu bungweli lagwira ntchito ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi polimbikitsa nkhokwe zotere m'maboma olima mbatatesi monga Dedza ndi Ntcheu. Kuzizira kwa malo okwera ngati Bembeke ndi Tsangano kumathandiza kwambiri, pakuti kuwala pakokha sikuletsa mbewu kukalamba m'nyumba yotentha. Wogulitsa wa m'chigwa cha Shire asayembekezere kusunga nthawi yofanana ndi mnzake wa ku Dedza.

Kamangidwe kake n'kosavuta. Denga likhale la udzu, popeza malata amatenthetsa, ndipo litulukire kunja mokwanira kuti dzuwa ndi mvula zisafike pa mbewu. Zipupa zikhale za nsungwi, bango kapena matabwa otalikirana, zolowetsa kuwala ndi mphepo. M'kati muikemo mathandala osanjikizana, ndipo pa thandala lililonse mbatatesi zisaunjikane kupitirira zitatu kapena zinayi, chifukwa ya pansi pa mulu ili mumdima ngakhale nyumba ikhale yowala. Muyeso wathu ndi wakuti munthu athe kuwerenga nyuzipepala pakona iliyonse ya nkhokwe masana. Dzuwa lenileni ayi: limawotcha khungu ndi kuumitsa mbewu.

Pali zinthu ziwiri zimene sitiyenera kubisira ogula. Choyamba, mbatatesi yokhala pa kuwala imabiriwira ndi kupanga solanine, poizoni wowawa amene amadwalitsa anthu ndi ziweto. Pa mbewu ubiriwiri umenewu ndi wabwino, koma yotsala isapite kumsika wa tchipisi. Chachiwiri, kuwala sikuchiza matenda. Mbewu yolowa m'nkhokwe ndi matenda ofotetsa kapena mavairasi idzatuluka nawo. Nkhokwe yotseguka imaitananso nsabwe za zomera, zomwe zimatera pa mphukira n'kufalitsa mavairasi, komanso timbozi toboola mbatatesi. Tiziyendera mathandala sabata iliyonse, kutembenuza mbewu ndi kuchotsa yowola.

Tikapeza mbewu yatulutsa kale mphukira imodzi yakunsonga, tiithyole kamodzi kokha, masabata angapo tisanagulitse, n'kuyala mbewuyo pa kuwala kuti maso ena adzuke. Kuthyola mobwerezabwereza kumaifooketsa. Popereka kwa mlimi, tigwiritse ntchito makatoni, makireti kapena madengu osadzaza kwambiri, ndipo timulangize kuti akafika kunyumba akaiyale pakhonde pamthunzi kufikira tsiku lobzala.